Mayi Tikudziwitsa ndi Telala Amene Anamupha pa Wailesi

Malemu achemwali anga, amene ambiri a inu munkawadziwa ndi dzina loti Mayi Tikudziwitsa, anabadwa pa 9 Malichi 1953 m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa positi ofesi, kumene bambo athu ankagwira ntchito ya umesenjala. Anali oyamba kubadwa m'banja la ana asanu. Ine ndaima panone ndine wotsiriza, ndipo ndatsala ndekha. Ana a malemu andipatsa pepala ili n'kundichenjeza kuti ndisapatuke. Ndiyesetsa, koma anandisankha akundidziwa. Ndipemphenso atsogoleri a mpingo ndi akuluakulu nonse kuti wina akaseka musamuyang'ane ndi diso loipa, chifukwa amene agona apawa anakhala moyo wawo wonse akuliritsa anthu pa wailesi pomwe kunyumba ankatiseketsa mpaka nthiti kuwawa. Palinso munthu mmodzi amene mbiriyi ikumukhudza kuposa tonsefe. Ndi alamu anga, amuna a malemu, akhala pafupi ndi bokosiwo. Iwowa akhala akudikira mawu ena ake kuchokera kwa akazi awo kuyambira 1979. Ndifikako.

Malemu anayamba sukulu mu 1960. Mu 1964 bambo athu anagula wailesi yathabwa, yaikulu ngati kabati, yoyendera batire lolemera. Inkakhala pa shelefu itafunditsidwa kansalu, ndipo woikhudza anali bambo okha, atasamba m'manja. Masana anthu a mzere wonse ankadzaza pakhonde pathu kudzamvera nkhani. Achemwali anaona kuti munthu wolankhula m'bokosimo sadulidwa mawu ndi aliyense, ngakhale ndi bambo, ndipo anasilira. Anatola chitini cha mkaka, n'kumaima nacho pazenera m'mawa uliwonse kuwerengera odutsa nkhani za m'nyumba mwathu: kuti mayi apsereza ndiwo, kuti bambo afunafuna nsapato imodzi mpaka kuchedwa ku ntchito, kuti mwana wotsiriza wanyowetsanso mphasa. Mwana wotsirizayo ndinali ine. Nkhani imeneyo ankaibwereza kawirikawiri, ndipo ndikuona agogo ena kumbuyoko akugwedeza mutu, kusonyeza kuti inafika patali.

Atamaliza sukulu mu 1971 anaphunzira kutayipa, ndipo mu 1973 analembedwa ntchito ku nyumba ya wailesi. Ntchito yawo inali kutayipa mauthenga a maliro amene anthu ankabweretsa pazenera la kalaliki, kuti bambo wina wachikulire akawerenge nkhani za masana zikatha. Achinyamata mumve bwino pamenepa. Masiku amenewo kunalibe foni za m'manja. Munthu akamwalira, abale ali kutali ankamva pa wailesi kapena kumva maliro atapita kale. Mu 1975 bambo uja anagwidwa chifuwa, mawu n'kutsekeka, ndipo panalibe wina woti awerenge. Anawakankhira achemwali m'kachipinda kopanda zenera, kokhala ndi tebulo, maikolofoni ndi tambula ya madzi, wamakina ali kuseri kwa galasi. Nyali yofiira itayaka anayamba kuti, "Tikudziwitsa abale onse kulikonse kumene muli." Bambo uja atachira anapeza mpando wawo uli ndi mwini.

Mawu a achemwali munkawadziwa: otsika, osathamanga, otchula dzina la munthu ngati akuliika pansi ndi manja awiri. Akayamba kuwerenga, anthu ankasiya kutafuna. Koma mawu omwewo anawavutitsa moyo wonse. Kumsika akafunsa mtengo wa tomato, wogulitsa ankayamba wafunsa kuti watisiya ndani. Pa ukwati wa mng'ono wawo anawapempha kuti avine mmene angathere koma asalankhule. Foni zitabwera, aliyense amene amuimbira ankayamba kulira asanamve moni, mpaka anazolowera kuyamba ndi mawu oti, "Palibe wamwalira, ndikungokupatsani moni."

Tsopano ndafika pa Juni 1979. Tsiku lina kalaliki wa pazenera anali atapita kukadya, ndipo achemwali anamugwirizira. Kunabwera mnyamata wina, telala wa pafupi ndi msika, kudzapereka uthenga woti amalume ake amwalira. Ankalankhula mothamanga chifukwa basi inali pafupi kunyamuka. Pa uthenga wotere pamakhala mayina awiri, la womwalira ndi la wodziwitsa. Achemwali anawalemba onse awiri bwinobwino, kungoti anawasinthanitsa malo. Kwa abwana awo ananena kuti mnyamatayo ankameza mawu. Kwa ine, patapita zaka, ananena kuti maso awo anali pa kolala ya malaya ake, imene inasokedwa bwino kwabasi. Masana a tsiku limenelo dziko lonse linamva kuti amalume aja akudziwitsa abale onse kuti mphwawo, telala wa pafupi ndi msika, watisiya.

Telalayo, amene lero ndi alamu angawa, anamva imfa yake ali m'basi, chifukwa dalaivala anali atatsegula wailesi. Anagwira paphewa bambo amene anakhala naye mpando umodzi n'kumuuza kuti, "Amene akumunenayo ndine." Bambo uja anawayang'ana, anatenga katundu wake, n'kukaima kutsogolo ulendo wonse. Kumaliro nako zinthu zinasokonekera. Anthu anabwera kudzapepesa amalume, n'kupeza amalumewo ndiwo ali m'bokosi, pomwe womwalira wa pa wailesi akuwalandira pachipata n'kumawapatsa mipando. Azakhali ena anakomoka. Atatsitsimuka anawakalipira alamu kuti awawonongetsa misozi.

Zoopsa anazipeza atabwerera ku tauni. Makasitomala anali atatenga nsalu zawo, ena n'kutenganso za anzawo. Mwini nyumba anali atalowetsa kale munthu wina m'chipinda chawo. Makina osokera anali atanyamulidwa ndi msuweni wawo, amene ananena kuti akukawasunga ndipo anawasungadi mwamphamvu. Alamu analinso ndi mtsikana amene ankafuna kumanga naye banja. Atapita kwawo kwa mtsikanayo, bambo ake anaima pakhomo, anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kuwauza kuti, "Ife tinamva pa wailesi. Ndiye mukufuna tikhulupirire inuyo kapena wailesi?" Musawaseke kwambiri bambo amenewo. Tonsefe tinali otero. Chimene wailesi yanena chinali chitachitika, maso ankangobwera pambuyo.

Alamu anapita ku nyumba ya wailesi atakwiya koopsa, kukapempha chinthu chimodzi chokha: kuti mawu omwe aja amene anawapha anene pa wailesi kuti ali moyo. Mkulu wa wailesi wa nthawi imeneyo anakana. Anati wailesi ikayamba kuvomera kuti imalakwa, mawa anthu adzayamba kukayikira ngakhale nthawi imene ikuwauza. Pofuna kuwaziziritsa mtima analamula kuti awaikire nyimbo pa pulogalamu ya moni. Nyimbo inaikidwadi, dzina lawo linatchulidwa, ndipo kumsika anthu anayamikira wailesi chifukwa chokumbukira malemu telala.

Kuyambira pamenepo alamu ankabwera sabata iliyonse n'kukhala pa benchi ya m'khonde la wailesi, kudikira kuti uthenga ukonzedwe. Achemwali, chifukwa cha manyazi, ankawabweretsera tiyi. Tsiku lina alamu anaona kuti mpendero wa diresi yawo wasosoka, ndipo ngakhale anali okwiya, utelala sunawalole kungoyang'ana. Anayamba kubwera ndi singano ndi ulusi. Posakhalitsa anali atasoka makatani a maofesi onse a pa wailesipo, ndi thalauza la mkulu yemwe uja amene ankakana kuti iwo ali moyo. Kumsika aliyense wokumana nawo ankawapatsa moni woti, "Mukadalipo?" mpaka linasanduka dzina lawo. Lero adzukulu ena akuganiza kuti a Mukadalipo ndi dzina la pa ubatizo.

Mu 1981 kunabwera mkulu wina, munthu womva zinthu, amene anawauza achemwali kuti akhoza kukonza uthenga uja tsiku lililonse limene afuna. Achemwali anati lero mauthenga achuluka, tiona mawa. Mawa lake anatinso chimodzimodzi. Mu Seputembala chaka chomwecho awiriwa anamanga banja. Bambo athu, popereka mwana wawo, anangonena kuti n'chilungamo, popeza wawononga chinthu cha mwini ndiye amachisamalira. Ambuye anawadalitsa ndi ana anayi. Alamu anatsegula shopu yatsopano, ndipo makasitomala anachuluka, poyamba chifukwa chofuna kudzaona munthu wakufa akupalasa makina, kenako chifukwa ankasokadi bwino.

Ine ndinakhalako m'nyumba mwawo, choncho zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso. M'mawa uliwonse pa tiyi, alamu akamapaka buledi majarini, ankafunsa kuti, "Mayi, lero mukonza?" Achemwali, akutsira shuga, ankayankha kuti, "Tiona nthawi ikatsala." Nthawi sinatsalepo. Akayambana, alamu ankati munthu amene anandipha sangandiuze zochita. Achemwali ankati munthu wakufa sasankha ndiwo. Ana anakulira m'menemo. Mwana wawo woyamba, aphunzitsi atamufunsa ntchito za makolo ake, anayankha kuti mayi amalengeza maliro ndipo bambo ndi amene analengezedwa.

Koma ndisakusiyeni ndi maganizo oti malemu ankaseweretsa ntchito. Cholakwa chija chinali choyamba ndi chomaliza. Kuyambira 1979, aliyense wobweretsa uthenga achemwali ankatuluka kukamuona okha, n'kumufunsa kuti, "Dzina lanu, inu amoyo, ndi liti?" Ankamuuza atchule dzina la womwalira pang'onopang'ono mpaka alidziwe katchulidwe kake, chifukwa ankati munthu wosauka dzina lake limamveka pa wailesi kamodzi kokha, ndiye lisamveke lopindika. Ambiri mwakhala pano munakwera basi kapena njinga n'kukafika pa maliro a mbale wanu nthawi ikadalipo chifukwa cha mawu amenewa.

Inenso ndine mmodzi wa iwo. Mu 1988 ndinkayendetsa lole kutali ndi kwathu. Ndinaima pamalo ena omwera tiyi m'mbali mwa msewu, wailesi ili pa kauntala. Achemwali anawerenga uthenga woyamba, wachiwiri, kenako anatchula dzina la mayi athu. Sanauike patsogolo uthengawo, anauwerenga pamalo pake, mmene unafikira pa mzere. Mawu sananjenjemere. Ndinangomva tambula ya madzi ikugunda patebulo, chinthu chimene ndinali ndisanamvepo, kenako anapitiriza ndi maliro a anthu ena mpaka pulogalamu inatha. Ndinalira pakati pa anthu osawadziwa, ndipo mwini malowo anakana kuti ndilipire tiyi. Tsiku limenelo ndinawakhululukira nkhani ya mphasa ija.

Malemu anapuma pa ntchito mu 2013. Apa n'kuti foni zili m'thumba la aliyense, ndipo mauthenga pazenera paja atachepa. Iwo foni sankadana nayo, koma ankadandaula kuti masiku ano munthu amalengezedwa kuti wamwalira akadali moyo, chithunzi chake n'kuzungulira dziko lonse iye ali pa mzere wa kuchipatala. Ankati, "Mafoni anuwa amapha anthu sabata iliyonse n'kuwasiya pomwepo. Ine ndinapha mmodzi yekha, ndipo ndikumusamalira mpaka lero." Kutchalitchi anawapatsa ntchito yowerenga zolengeza, koma inatha Lamulungu loyamba lomwelo. Atangoti tikudziwitsa amayi onse, amayi awiri kumbuyo anayamba kulira, pomwe nkhani inali yosesa pabwalo.

Mu 2022 anawapeza ndi matenda a shuga, kenako mtima unayamba kuvuta. Mu Okutobala chaka chino anagonekedwa m'chipatala. Alamu sanachoke pambali pa bedi. Anabwera ndi singano yawo, ndipo pofika sabata yachiwiri panalibe namwino wa m'wodimo amene yunifolomu yake inali yosowa batani. M'mawa uliwonse, akuwamwetsa tiyi ndi supuni, ankafunsabe kuti, "Mayi, lero mukonza?" Achemwali, mawu atatsala pang'ono, ankayankhabe kuti, "Tiona nthawi ikatsala." Anatisiya Lachiwiri lapitali, pa 5 Novembala 2024, ali ndi zaka 71.

Apa pepala la ana lathera, koma ine sindinathe. Abale anga, chichokereni achemwali, alamu sanaikepo kanthu m'kamwa. Atafika kunyumba anatenga wailesi ya pa tebulo la tiyi, anachotsa mabatire, n'kuitembenuzira kukhoma. Mwana wawo wamkazi atawagwadira ndi mbale, anamuuza kuti, "Ine wailesi inandipha kalekale. Ndimangowaperekeza mayi anu." Mawu amenewa atiopsa tonse. Ana ataya mayi, ndipo akuona bambo akulongedza.

Alamu, pali zimene simukudziwa, ndipo pabwalo lonseli ndinu nokha amene simukuzidziwa. Mukukumbuka tsiku lija achemwali anakutumani nthochi, n'kukana za pachipata cha chipatala kuti akufuna za kumsika waukulu? Sankafuna nthochi. Mutangotuluka munalowa mtsikana amene amawerenga mauthenga pa wailesi masiku ano, atanyamula kachipangizo kojambulira mawu. Ine anandiimika pachitseko kuti ndikakuonani mukubwera nditsokomole. Achemwali anapempha kuti tiwakhazike tsonga, anapempha tambula ya madzi, ndipo mawu aja amene tinkaganiza kuti atha anabwerera. Analamula kuti zimenezo ziulutsidwe uthenga wa maliro awo ukangotha. Zinaulutsidwa dzulo masana, wailesi yanu itayang'ana kukhoma. N'chifukwa chake kuyambira dzulo anthu akumakugwirani chanza mwamphamvu n'kumamwetulira pamaliro a akazi anu. Munandinong'oneza m'mawa uno kuti anthu a masiku ano alibe khalidwe. Khalidwe ali nalo, kungoti iwo anamva.

Mawuwo ndinawalemba kuseri kwa pepalali. Mawu anga si awo, mundikhululukire, koma ndiwerenga mosathamanga mmene akanafunira.

"Tikudziwitsa abale onse kulikonse kumene muli, kuti uthenga umene tinaulutsa pa wailesi ino mu Juni 1979 unali wolakwika. Telala wa pafupi ndi msika sanamwalire. Ali moyo. Wolakwitsa ndinali ine, ndipo kukonza ndinachedwa dala. Poyamba ndinkaopa kuti ndikakonza asiya kubwera pa benchi paja. Kenako ndinkaopa kuti asowa chondifunsa m'mawa. Bambo, lero nthawi yatsala, ndakonza. Muli moyo, ndipo wailesi siinama. Munthu wamoyo amadya, amasamba, amatsegula shopu. Abale nonse mukudziwitsidwa kuti muziwayendera, chifukwa sadziwa kumwa tiyi okha. Wodziwitsa ndine mkazi wawo."

Alamu, mwamva. Munadikira zaka 45, ndipo mwauzidwa pamaso pa mboni zonsezi, moti ngakhale mwana wa bambo uja amene anakukanani pakhomo ali pompano ndipo wamva nawo. Simungatsutsane ndi wailesi, inu mukudziwa bwino kuposa tonsefe. Mdzukulu wanu wamkulu waima kumbuyo kwanuko ndi kapu ya tiyi. Shuga watsira mmene ankatsirira agogo ake. Ife tidikira, mwambo suthawa.

Zikomo, alamu. Imwani pang'onopang'ono, ndi wotentha.

Malemu asiya ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi ine mlongo wawo. Asiyanso amuna awo, a Mukadalipo, amene ali moyo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza, a mpingo ndi a kwaya amene akhala nafe chiyambireni zovutazi, amayi amene akhala pa moto, achinyamata amene akonza kumanda, anzawo a alamu a kumsika amene atseka mashopu lero, ndi nonse amene mwabwera kuchokera kutali. Ndikuthokoza mwapadera a ku wailesi, makamaka mtsikana uja, amene dzulo anawerenga uthenga wa maliro a achemwali. Mwana wanga, tinamvetsera ndi makutu onse, ndipo mayina unawaika m'malo mwake.

Achemwali, munaitanira anthu ku maliro a anzawo kwa zaka zambiri, ndipo taonani lero mmene abwerera kwa inu. Nyali yofiira yazima, mauthenga onse mwawerenga, palibe umene watsala. Mzimu wanu uuse mumtendere.